Msinkhu pa basketball ya amayi: kutalika kumagula chiyani, nanga kumathera pati?

Pa 8 Ogasiti 2021, mumzinda wa Saitama, timu ya basketball ya amayi ya dziko la Japan inalowa m'bwalo kukalimbirana mendulo ya golide ya Olimpiki ya Tokyo ndi timu ya America. Mwa osewera onse a Japan panalibe wopitirira mamita 1.85. Amene ankayendetsa masewero awo, Rui Machida, ndi wa mamita 1.62 okha, msinkhu wa mayi wamba. Masiku awiri m'mbuyomo Machida yemweyo anali atabalalitsa timu ya France mu semifainolo: mipira 18 imene anapatsira anzake inakathera mu basiketi, zomwe zinali zisanachitikepo pa basketball ya amayi ku Olimpiki. Koma tsiku la fainolo kutsogolo kwawo kunaima Brittney Griner, wa mamita 2.06. A America sanachite kuvutika ndi kuganiza. Ankangoponya mpira m'mwamba chapafupi ndi basiketi, Griner n'kuuwakha, n'kutembenuka, n'kugoletsa. Yekha anamwetsa mapointi 30, ndipo masewero anatha 90 kwa 75.

Wina akhoza kunena kuti nkhani yathera pomwepo, wamtali ndiye mwini masewero. Koma nanga timu ya anthu aafupi ija inadutsa bwanji Belgium ndi France mpaka kufika mu fainolo? Ndipo zatheka bwanji kuti Griner, amene palibe angamuletse akafika pansi pa basiketi, sanasankhidwepo kukhala wosewera wopambana onse wa chaka mu WNBA, ligi yaikulu ya amayi ku America? Kuti tiyankhe, tiyambire pa chitsulo chimene mpira umalowamo.

Mkombero wa basiketi uli pamtunda wa mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo muyesowu sunachokere m'kafukufuku. Mu 1891 James Naismith, mphunzitsi wa masewera ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, anakhomera madengu a mapichesi pakhonde lam'mwamba la holo yochitira masewera, ndipo khondelo linangopezeka kuti lili pamtunda umenewo. Mpaka lero amuna ndi amayi omwe amaponya pamkombero womwewo. Pa volleyball anasiyanitsa: neti ya amuna ndi ya mamita 2.43 pamene ya amayi ndi ya 2.24. Pa basketball chimene anasintha ndi mpira basi. Wa amayi ndi wocheperako pang'ono, masentimita pafupifupi 72 kuuzungulira pamene wa amuna ndi pafupifupi 75, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la FIBA linayamba kuugwiritsa ntchito mu 2004.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Wosewera wapakatikati mu WNBA ndi wa mamita pafupifupi 1.83, pamene mu NBA, ligi ya amuna, ali pafupi ndi mamita awiri. Ndiye kuti kwa mayi mkombero uli kutali ndi masentimita 15 kapena kuposerapo, tisanawerengere n'komwe kusiyana kwa kadumphidwe. Masewero a amuna ambiri amachitikira pamwamba pa mkombero. A amayi amachitikira pansi pake. Kwa amuna, munthu wamfupi koma wodumpha kwambiri amatha kubweza ndi miyendo zimene msinkhu unamumana. Kwa amayi njira imeneyo ndi yopapatiza, choncho amene dzanja lake limafika m'mwamba ali chiimire amakhala ndi mwayi waukulu kuposa mnzake wamwamuna wa udindo womwewo.

Ndanena dzanja mwadala, chifukwa munthu sagoletsa ndi liwombo. Makochi amayeza pamene pakufika zala munthu akaimika mkono, komanso kutalika kwa mikono yonse iwiri akaitambasula. Griner akatambasula mikono imakwana mamita pafupifupi 2.22, ndipo akaimika dzanja osadumpha limafika chapafupi ndi mamita 2.80. Kuti akhudze mkombero amangofunika kunyamuka masentimita 25. Wosewera wa mamita 1.83, amene dzanja lake limafika cha m'ma 2.40, ayenera kudumpha masentimita oposa 60 kuti angoukhudza chabe. Breanna Stewart wa timu ya New York Liberty ndi wa mamita 1.93, koma mikono yake ndi ya mamita pafupifupi 2.16, motero amatchinga mipira ngati munthu wa mamita awiri uku akuthamanga ngati wosewera wam'mbali. Anthu awiri ofanana msinkhu akhoza kusiyana kotheratu m'bwalo chifukwa cha mikono yokha.

Chimene kutalika kumagula

Choyamba chimene aliyense amaona ndi mapointi osavuta. Mpira woponyedwa pansi penipeni pa basiketi umalowa kawirikawiri kuposa wochokera patali, ndipo wamtali akaulandira pamenepo, womutchinga wamfupi amangotsala ndi zinthu ziwiri: kumuonerera akugoletsa, kapena kumugwira mkono n'kupalamula faulo. Koma phindu lalikulu kwenikweni lili pa mipira yobwerera. M'masewero ambiri, theka kapena kuposerapo la mipira yoponyedwa silimalowa. Imagunda mkombero kapena bolodi n'kubwerera m'bwalo. Amene waitola ndiye wapatsa timu yake mpata wina woponya, kapena walanda mpatawo kwa adani.

Fainolo ya makoleji a ku America ya pa 7 Epulo 2024 ku Cleveland inaonetsa zimenezi poyera. Timu ya Iowa inali ndi Caitlin Clark, wa mamita 1.83, kadaulo woponya kuchokera kutali amene anakokera anthu mamiliyoni ambiri ku basketball ya amayi. Iowa inayamba ndi moto, n'kutsogola 10 kwa 0, ndipo Clark anamwetsa mapointi 18 m'chigawo choyamba chokha mwa zigawo zinayi za masewerowo. Koma timu ya South Carolina inali ndi Kamilla Cardoso wa ku Brazil, wa mamita 2.01, pamene womuyang'anira wa Iowa, Hannah Stuelke, anali wa 1.88. Iowa ikaphonya, mpira unkagwera m'manja mwa South Carolina. South Carolina ikaphonya, mpira unkagweranso m'manja mwa South Carolina. Cardoso yekha anatola mipira yobwerera 17, timu yake yonse inatola 51 pamene Iowa inatola 29. Clark anamaliza ndi mapointi 30, koma chikho chinapita ku South Carolina, 87 kwa 75. Chosangalatsa n'chakuti kochi amene anasonkhanitsa zimphona zimenezi, Dawn Staley, ndi wa mamita 1.68, ndipo nthawi yake yosewera anali mmodzi mwa akatswiri aafupi odziwika kwambiri. Wamfupi ndiye amadziwa bwino ululu wosowa wamtali pambali pake.

Palinso phindu lina limene sililembedwa papepala la zotsatira. Wamtali akaima pansi pa basiketi yake, adani amasiya kufikako. Wosewera amene akanalowa mkati amabwerera m'mbuyo, kapena amaponya mpira mokweza kwambiri kuti udutse dzanja lija, n'kuphonya. Papepala amangowerenga mipira imene waiphula m'mwamba, koma imene anthu aopa kuponya chifukwa cha iye ndi yochuluka kuposa pamenepo.

M'mbiri ya masewerawa palibe amene anadyerera mwayi umenewu kuposa Uljana Semjonova wa ku Latvia, wa mamita oposa 2.10, amene ankasewerera kalabu ya TTT Riga ndi timu ya Soviet Union. Basketball ya amayi italowa mu Olimpiki koyamba ku Montreal mu 1976, Soviet Union inatenga golide, n'kubwerezanso ku Moscow mu 1980. Inatenganso chikho cha dziko lonse mu 1971, 1975 ndi 1983 Semjonova ali pakati. Mu 1993 anakhala mayi woyamba wa kunja kwa America kulowetsedwa m'nyumba yolemekezera akatswiri a basketball ku Springfield. Komabe tisaiwale nyengo imene ankasewera. FIBA inabweretsa mzere wa mapointi atatu, umene wogoletsa ali kunja kwake amapeza mapointi atatu m'malo mwa awiri, mu 1984, iye atatsala pang'ono kupuma. Kwa zaka zambiri za moyo wake wosewera, mpira woponyedwa kutali ndi woponyedwa pafupi unkawerengedwa chimodzimodzi, mapointi awiri. Panalibe chifukwa choti achokere pansi pa basiketi, ndipo adani analibe chomukakamizira kuchokapo.

Momwe amagwetsera chimphona

Mzere uja unasintha masamu onse. Tiyerekeze kuti timu ya anthu aatali yaponya kakhumi pafupi ndi basiketi n'kugoletsa kasanu n'kamodzi: mapointi 12. Timu ya anthu aafupi ikaponya kakhumi kuchokera kunja kwa mzere, umene lero uli pamtunda wa mamita 6.75, n'kugoletsa kanayi kokha, nayonso yapeza 12. Uku ndiye kunali kuganiza kwa Tom Hovasse, kochi wa ku America amene ankaphunzitsa timu ya Japan ija. Anadziwa kuti pansi pa basiketi sangapikisane ndi aliyense, ndiye anasamutsa nkhondo. Osewera ake onse asanu ankafalikira kunja, onse otha kuponya patali, ndipo ankathamanga mosalekeza kuti aatali a timu ina asapeze nthawi yokhazikika.

Chida chachikulu pankhondo imeneyi n'chosavuta kuchimvetsa. Wosewera wamfupi ali ndi mpira kunja kwa mzere. Mnzake, amene akuyang'aniridwa ndi chimphona cha timu ina, amabwera n'kuima nji pambali pa amene akulonda mwini mpira, kumutsekera njira. Mwini mpira amazungulira mnzakeyo, womulonda n'kutsalira. Tsopano chimphona chija chili pamphambano. Chikatsalira pansi pa basiketi, mwini mpira ali yekha ndipo aponya wa mapointi atatu mosatekeseka. Chikatuluka kudzamutchinga, chakumana ndi munthu wothamanga kuposa icho pamalo otakasuka. Amuzemba ndi sitepe imodzi, ndipo kumbuyo kwatsala kopanda mlonda. Zonsezi zimachitika m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo timu yochenjera imabwereza zomwezo kambirimbiri mpaka kochi wa chimphonacho atachitulutsa m'bwalo. Apa mpamene funso limasintha. Silikhalanso lakuti munthuyu ndi wamtali bwanji, koma lakuti mapazi ake amayenda cham'mbali mofulumira bwanji.

Dziko la China laphunzira zimenezi posachedwapa. Lili ndi mtsikana wotchedwa Zhang Ziyu, wobadwa mu 2007, amene msinkhu wake ndi mamita 2.20 kapena kuposerapo. Pampikisano wa achinyamata osapitirira zaka 18 wa ku Asia mu 2024 ku Shenzhen anamwetsa mapointi 44 pamasewero amodzi ndi Japan, pafupifupi osadumpha, ngati munthu wothyola mango pamtengo waufupi anzake akuvutika ndi ndodo. Kanema wake anafalikira padziko lonse, ndipo ambiri anati basketball ya amayi yapeza mwini watsopano. Chaka chotsatira, mumzinda womwewo wa Shenzhen, anakwera kutimu ya akuluakulu pambali pa Han Xu, amenenso ndi wopitirira mamita awiri. Mu semifainolo ya chikho cha Asia anakumananso ndi Japan, koma ya akuluakulu. A Japan anawatulutsa aatali aja kunja, n'kuwathira mipira ya mapointi atatu mpaka China inagonja pakhomo, 90 kwa 81.

Njira ya aafupi nayo ili ndi polekezera, ndipo tisainamizire kuti ndi mankhwala a zonse. Imadalira kuti mipira yakutali izilowa, ndipo dzanja la munthu silikhala chimodzimodzi tsiku lililonse. Japan yomweyo imene inatenga siliva ku Tokyo inapita ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024 n'kugonja masewero onse atatu a m'gulu lake. Woponya patali amakhala ndi tsiku loipa. Msinkhu wa Griner ndi womwewo Lolemba ndi Lachisanu lomwe.

Malamulo nawonso amakankhira uku ndi uku. Kulikonse, wosewera wa timu imene ili ndi mpira saloledwa kukhala masekondi opitirira atatu m'kabwalo kopakidwa utoto ka pansi pa basiketi, ndipo mu WNBA ndi m'malamulo a FIBA timu ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye. Koma mu WNBA, kuyambira mu 2013, ngakhale wotchinga saloledwa kungoima m'kabwalo kameneka masekondi opitirira atatu ngati palibe amene akumulonda pafupi. M'malamulo a FIBA choletsa chimenechi mulibe, motero pa Olimpiki ndi m'maligi a ku Ulaya wamtali akhoza kumanga msasa pansi pa basiketi yake. Wosewera mmodzi yemweyo amatha kuoneka woopsa m'mpikisano wina n'kuoneka wolemera miyendo m'mpikisano wina.

Msinkhu umene matimu akuusaka

Tikayang'ana amene akhala akusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse wa chaka mu WNBA, pali chinthu chimene chimaonekera. Zaka ziwiri zoyambirira za ligiyi, 1997 ndi 1998, ulemuwu unapita kwa Cynthia Cooper, wa mamita 1.78. Koma kuyambira 2015 mpaka 2025 palibe wochepera mamita 1.88 amene anaulandira: Elena Delle Donne wa 1.96, Nneka Ogwumike wa 1.88, Sylvia Fowles ndi Jonquel Jones a 1.98, Breanna Stewart wa 1.93, komanso A'ja Wilson wa 1.93 amene wautenga kanayi. Mbali inayi, palibe wa mamita awiri kapena kuposerapo amene anaulandirapo chiyambire ligiyi. Margo Dydek wa ku Poland, wa mamita 2.18, ndiye wamtali kuposa onse amene anasewerapo mu WNBA. Timu ya Utah Starzz inamusankha woyamba pa chisankho cha osewera atsopano cha ligiyi mu 1998, ndipo anatchinga mipira 877 pa zaka zake zonse mu ligiyi, koma sanatengepo chikho. Liz Cambage wa ku Australia, wa 2.03, anamwetsa mapointi 53 pamasewero amodzi mu 2018, komabe ulemu wa chaka chimenecho unapita kwa Stewart.

Kwa ine apa mpamene pali mtima wa nkhani. Golide weniweni pa basketball ya amayi masiku ano ndi munthu wa pakati pa mamita 1.88 ndi 1.98 amene amachita zonse: amatola mipira yobwerera, amadunditsa mpira kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, amaponya patali, ndipo akasiyidwa ndi wosewera wamfupi kunja kwa mzere sachita manyazi. Candace Parker, wa 1.93, ndiye anatsegulira ambiri maso pamene anatenga ulemu wa wosewera watsopano wopambana komanso wa wopambana onse m'chaka chimodzi cha 2008. Delle Donne ankaponya molondola kuposa aafupi ambiri amene ntchito yawo inali yomweyo. Munthu wotere palibe pomugwirira: ukamupatsa wamfupi kuti amulonde amamutengera pansi pa basiketi, ukamupatsa wamtali amamutulutsa panja.

Ndipo kukula kwa thupi si msinkhu wokha. Pansi pa basiketi pamakhala kukankhana kwa mapewa ndi chiuno kumene kamera siionetsa bwino. Mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, wodziwa ntchito sayang'ana m'mwamba kaye. Amayamba wapeza mdani wake, n'kumupatsa msana, n'kupinda mawondo, n'kumukankhira kunja pang'onopang'ono. Wamtali wowonda amene alibe mphamvu m'chiuno amasunthidwa, mpira n'kugwera mnzake. Rebekkah Brunson anali wa mamita 1.88 chabe, koma pamene ankasiya kusewera ndiye anali atatola mipira yobwerera yambiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya WNBA, ndipo anatenga zikho zisanu. Alyssa Thomas, wa msinkhu womwewo, amalimbana ndi anthu omuposa ndi masentimita khumi pogwiritsa ntchito chifuwa ndi miyendo.

Amene ali pamavuto enieni ndi aafupi. Mbiri yawo ilipo ndithu, ndipo ndi yokoma. Debbie Black, wa mamita pafupifupi 1.60, anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana onse mu WNBA mu 2001, chifukwa munthu wamtali akamadunditsa mpira, mpirawo umayenda mtunda wautali pakati pa dzanja ndi pansi, ndipo Black ankakhala ali pomwepo kuulanda. Temeka Johnson wa 1.60 ndi Crystal Dangerfield wa 1.65 anatengapo ulemu wa wosewera watsopano wopambana, wina mu 2005 wina mu 2020. Becky Hammon wa 1.68 palibe timu imene inamusankha mu 1999, koma anadzakhala katswiri wa ligiyi, ndipo ngati kochi watenga zikho zitatu ndi Las Vegas Aces.

Koma taonani nkhani ya Morgan William. Mu 2017 timu ya Connecticut inali itapambana masewero 111 motsatizana m'mipikisano ya makoleji. Mu semifainolo, nthawi yowonjezera ikutha, William wa timu ya Mississippi State, wa mamita 1.65, anadumpha n'kuponya mpira pamwamba pa dzanja la Gabby Williams, womuposa msinkhu kwambiri. Mpira unalowa, masewero n'kutha 66 kwa 64. Dzina lake linamveka ku America konse. Chaka chotsatira, atamaliza koleji, palibe timu ya WNBA imene inamusankha. Machida naye atapita ku timu ya WNBA ya Washington Mystics mu 2022 ankayambira kawirikawiri pabenchi. Chifukwa chake n'chomwe chija tafotokoza, koma chotembenuzidwa: monga momwe aafupi amasakira chimphona kunja kwa mzere, aatali nawo amasaka wamfupi. Amasinthanitsa malo mpaka wamfupiyo atapezeka akulonda munthu wa 1.90 pansi pa basiketi. Ligi imene kwa zaka zambiri inali ndi matimu 12 okha, malo osapitirira 144, siinali ndi chifundo kwa munthu amene timu iyenera kumubisa ikamatchinga. Wamtali wa luso lapakatikati amapeza ntchito. Wamfupi ayenera kukhala wodabwitsa.

Kumene aatali amachokera

Zonsezi zikuchitika chifukwa amayi aatali ndi osowa. Ku America mayi wapakatikati ndi wa mamita pafupifupi 1.62, ndipo amene amafika 1.83 sakwana mmodzi pa amayi 100 alionse. Ndiye kuti wosewera amene mu WNBA amaoneka wamba, kunja kuno ndi munthu amene anthu amatembenuka kumuyang'ana. Wa 1.96 ndiye ndi wosowa kotheratu. Ochepa amenewa amalimbiranidwanso ndi masewera ena. M'masukulu a sekondale a ku America atsikana osewera volleyball tsopano ndi ambiri kuposa a basketball, ndipo m'maiko ngati Australia, England, Jamaica ndi kuno kwathu, mtsikana wamtali amayamba waitanidwa ku netball.

Masewera awiriwa ndi apachibale. Senda Berenson atayamba kuphunzitsa atsikana basketball ku Smith College mu 1892, anagawa bwalo patatu, aliyense n'kumakhala m'chigawo chake, poganiza kuti kuthamanga bwalo lonse n'kolemetsa kwa akazi. Netball inaphuka kuchokera ku basketball ya nthawi imeneyo itafika ku England, ndipo inasunga zigawozo pamodzi ndi mkombero wa mamita 3.05. Basketball ya amayi ku America inadzasinthira ku osewera asanu othamanga bwalo lonse mu 1971, ngakhale masukulu a ku Iowa anapitiriza kaseweredwe kakale ka anthu asanu ndi mmodzi mpaka 1993. Kusiyanaku n'kofunika pankhani ya msinkhu. Wogoletsa wa netball sathamanga bwalo lonse, sadunditsa mpira, ndipo womutchinga ayenera kuima patali ndi masentimita 90, n'chifukwa chake anthu ngati Jhaniele Fowler wa ku Jamaica, wa mamita 1.98, amavuta kuwaletsa. Pa basketball wamtali yemweyo ayenera kubwerera kumbuyo kukatchinga nthawi iliyonse mpira ukatayika. Mwawi Kumwenda, wa mamita 1.83, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa chikho cha dziko lonse cha netball ku Sydney mu 2015, mu WNBA akanakhala wa msinkhu wapakatikati chabe.

Kusowa kwa aatali kumabala vuto lina limene makochi a ana amalipanga okha. Mtsikana wa zaka 12 akaposa anzake onse msinkhu, amamuimika pansi pa basiketi n'kumuuza kuti asachokepo. Timu imapambana, kochi amatamandidwa, koma mwanayo saphunzira kudunditsa kapena kuponya patali. Ngati anangofulumira kukula n'kudzaima pa mamita 1.78, pofika zaka 18 amapezeka kuti ndi wamfupi pa udindo umene anauzolowera ndipo alibe luso la udindo wina. Thupi lalikulu lilinso ndi mtengo wake. Mapazi, akakolo ndi msana zimanyamula katundu wolemera pa kudumpha kulikonse, ndipo amayi osewera basketball amaduka mtsempha wa mkati mwa bondo kawirikawiri kuposa amuna. Japan ija inapita ku Olimpiki ya Tokyo yopanda wamtali wake weniweni, Ramu Tokashiki wa mamita 1.93, chifukwa cha kuduka kwa mtsempha womwewo.

Tsono bwanji osangotsitsa mkombero? Funsoli limabwerabwera. Geno Auriemma, kochi wa Connecticut, analidzutsa mu 2012, ndipo Delle Donne anagwirizana nalo mu 2016, ponena kuti anthu angakonde kuona amayi akusewera pamwamba pa mkombero. Diana Taurasi, katswiri wina wa WNBA wa nthawiyo, anakana kwamtuwagalu, n'kuona maganizowo ngati kubwezera amayi m'mbuyo. Mkangano wonsewu umazungulira pa dunk, kuja wosewera amadumpha n'kutsindira mpira mumkombero ndi dzanja. Georgeann Wells wa West Virginia, wa mamita 2.01, ndiye mayi woyamba kuchita zimenezi pamasewero a koleji mu Disembala 1984. Mu WNBA zinadikira mpaka pa 30 Julayi 2002 pamene Lisa Leslie wa 1.96 anatsegula njira, ndipo kuyambira pamenepo ambiri mwa madunk a mu ligiyi ndi a Griner yekha.

Ine ndili kumbali ya Taurasi, koma pa chifukwa china. Kutsitsa mkombero sikungathandize wamfupi; kungawonjezere mphamvu kwa amene ali nazo kale. Dzanja la Griner likanangotsala pang'ono kufika pamkombero ali chiimire, pamene woponya patali, amene wathera zaka 15 akuzoloweretsa mkono wake mtunda umodzi, akanayambiranso pachiyambi. Komanso mabwalo ambiri padziko lapansi, a kusukulu ndi a m'makwalala, ali ndi chitsulo chimodzi chowotcherera chimene anyamata ndi atsikana amagawana. Mkombero wa amayi okha ungakhalepo m'maholo a anthu olemera, mtsikana wa ku Maputo kapena ku Lagos n'kumaphunzirabe pa wakale.

Ndiponso mbadwo umene ukubwera ukuufika mkomberowo pamene uli pomwepo. Dominique Malonga, wobadwira ku Cameroon koma wosewerera France, ndi wa mamita 1.98, amathamanga bwalo lonse, ndipo anachita dunk pamasewero a kalabu yake ku Ulaya mu 2024 asanakwanitse zaka 19. Pa chisankho cha osewera atsopano cha WNBA mu 2025, timu ya Seattle Storm inamutenga ngati wachiwiri. Woyamba, amene anapita ku Dallas Wings, anali Paige Bueckers, woyendetsa masewero wa mamita 1.83.